Kusankha kabati yakale ya mahogany ya m'chipinda chodyera

Popita kukaona kabati yakale ya mahogany, tengani tepi yoyezera, tochi yowala bwino, pepala lakuda ndi kansalu kofewa. Kutsogolo kwa kabati wogulitsa aliyense amakupukuta mpaka kunyezimira. Zaka zake zenizeni, zilema zake ndi mtengo woyenera kulipira zimaoneka kumbuyo, kunsi ndi m'madirowa, malo amene safikako polishi. Tikunena za kabati yaitali yofika m'chiuno, yoima chakukhoma, yosungira mbale, mipeni, mafoloko, nsalu za patebulo ndi mabotolo, imene pamwamba pake amayalapo chakudya. M'masitolo ndi pa okushoni amailemba kuti buffet kapena sideboard. Makabati ambiri a mahogany a mtundu umenewu anapangidwa ku Britain ndi ku America kuyambira m'ma 1780 mpaka cha m'ma 1910.

Yezani chipinda musanatuluke pakhomo

Makabati amenewa anapangidwira nyumba zazikulu. Kutalika kwake kuchoka pansi kumakhala masentimita 85 mpaka 95, m'litali masentimita 150 mpaka 215, ndipo kuchoka kukhoma kufika kutsogolo ena amadya masentimita 65 kapena kuposa. Muyezo wachitatuwu ndi umene anthu amauiwala. Pakati pa mphepete mwa tebulo ndi kutsogolo kwa kabati pafunika masentimita 90 kuti munthu akoke mpando n'kukhala. Ngati mukufuna kuti wina azidutsa ndi mbale kumbuyo kwa amene akudya, kapena kutsegula chitseko cha kabati anthu ali patebulo, siyani masentimita 120.

Yalani manyuzipepala pansi molingana ndi kukula kwa kabati imene mukuganizayo, kokani mipando yonse, yendani mozungulira tebulo. Kenako yezani zitseko zonse zimene kabatiyo idzadutse, ndi pokhotera m'khonde. Yezaninso mbale yanu yaikulu. Mbale wamba yodyera imakhala masentimita 27 kapena 28, choncho shelefu yamkati yosafika masentimita 30 idzakukanizani kutseka chitseko.

Dziwani mtundu umene mukufuna

Mu 1721 boma la Britain linachotsa msonkho pa matabwa ochokera m'maiko amene linkalamulira ku America, ndipo mahogany a ku Jamaica anayamba kulowa mochuluka. M'zaka za m'ma 1760 Robert Adam, katswiri wolemba mapulani a nyumba ku Britain, ankakonza zipinda zodyera zokhala ndi tebulo lalitali chakukhoma, mbali zonse ziwiri kuli timakabati toima patokha. Pofika m'ma 1780 akalipentala anaphatikiza zitatuzi kukhala chinthu chimodzi, ndipo ndi kabati imeneyi imene imayenda ndi maina a Thomas Shearer, George Hepplewhite ndi Thomas Sheraton, akatswiri ojambula kapangidwe ka mipando a nthawi imeneyo. Imaima pa miyendo 6 yowonda, yochepa kumunsi, inayi kutsogolo iwiri kumbuyo. Kutsogolo kwake kumakhala kotumphuka pakati kapena kokhotakhota. Ili ndi dirowa yosaya pakati, dirowa yakuya mbali imodzi yoikamo mabotolo a vinyo, ndi kakabati mbali inayo. Ndi yokongola kuposa ina yonse, koma imasunga katundu wochepa kwambiri, chifukwa m'nyumba zimene inapangidwirazo mbale zinkakhala m'chipinda china.

Banja lofuna posungira mbale zambiri liyang'ane ya nthawi ya Regency, cha m'ma 1811 mpaka 1820 ndi zaka zotsatira, kapena ya nthawi ya Mfumukazi Victoria, 1837 mpaka 1901. Imeneyi imaima pa timakabati tiwiri tofika pansi, tokhala ndi mashelefu kapena matileyi otuluka. Yambiri imamasuka m'zigawo, thabwa lapamwamba, timakabati tiwiri ndi bolodi lakumbuyo, zimene zimathandiza pa khomo lopapatiza. Za m'zaka zomalizira za Victoria zina zimakhala ndi galasi lalikulu kumbuyo lofika mamita 2, ndipo m'chipinda chadenga lalifupi zimapondereza chilichonse. Ngati malo ndi ochepa, funsani chiffonier, kabati yaing'ono ya zitseko ziwiri, yosapitirira masentimita 120 m'litali kawirikawiri.

Pali gulu lachitatu limene limasokoneza ogula. M'nthawi ya Mfumu Edward VII, 1901 mpaka 1910, mafakitale anapanga makabati ambirimbiri otengera kapangidwe ka Sheraton. Amenewa tsopano apitirira zaka 100, ndi akale ndithu, ndipo ambiri ndi olimba bwino. Cholakwika n'kuwagula pa mtengo wa kabati ya 1790. Ku America nakonso, m'ma 1930 ndi 1940 kunapangidwa makabati ochuluka otchedwa a Duncan Phyfe, pamene Phyfe mwiniyo, kalipentala wa ku New York, anamwalira mu 1854.

Kodi ndi mahogany?

Mahogany enieni ndi mitengo ya mtundu wa Swietenia. A ku Cuba ndi Jamaica, Swietenia mahagoni, ndi olemera, othina, amada ndi zaka, ndipo nthawi zambiri m'timaenje ta thabwa mumaoneka timadontho toyera. A ku Honduras, Swietenia macrophylla, ndi opepukirapo ndiponso owala mtundu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunayamba kulowa mochuluka ku Ulaya mitengo ya Khaya ya kuno ku Africa, gulu limene mbawa yathu ilimo. Mbawa ndi mtengo wabwino, ndipo kabati ya mbawa yopangidwa ku Blantyre kapena ku Zomba m'nthawi ya atsamunda ndi chinthu choyenera kuchigula pachokha. Koma kabati imene akuti ndi ya ku London ya 1790 siingakhale ya mbawa kapena ya sapele, mtengo winanso wa kuno ku Africa. Mizere yoongoka, yotalikirana mofanana, yakuda ndi yowala mosinthana kutsika chitseko chonse, kawirikawiri ndi sapele, ndipo imaloza ku zaka za m'ma 1900.

Mtundu wofiira paokha sunena kanthu. Mitengo yoyera monga beech ndi birch inkapakidwa utoto kuti ioneke ngati mahogany, makamaka miyendo. Walitsani tochi pamalo operepeseka, kumunsi kwa mwendo kapena pakona. Mahogany amakhala ofiirira mpaka mkati. Pakaoneka poyera, ndi utoto. Yang'ananinso pafupi: mahogany ali ndi timaenje tatitali tooneka ngati timizere takuda, pamene birch ndi yosalala, ndipo beech ili ndi timadontho tatifupi tambirimbiri. Walitsani tochi chopendekera uku mukusuntha mutu. Thabwa la mahogany limasintha kuwala kwake mukasuntha, la utoto limangokhala chimodzimodzi.

Musadabwe kupeza kuti kabati si ya mahogany paliponse. Akalipentala abwino ankapanga thupi la kabati ndi paini kapena oak, n'kumata pamwamba kathabwa kopyapyala ka mahogany okongola, kamene amati veneer. Kutsogolo kokhotakhota kuja kukanavuta kupanga mwanjira ina, ndipo maonekedwe onga malawi a moto amene mumawaona pazitseko amachokera pamphanda ya mtengo, pamene thabwa lake lochindikala limang'aluka. Choncho veneer si chizindikiro cha ntchito yotchipa. Chofunika n'kuchindikala kwake. Yakale inkachekedwa ndi sowo ndipo imakhala milimita 1.5 mpaka 3. Yamakono imasengedwa ndi mpeni wa makina, pafupifupi milimita 0.6. Pezani pamene yabenthuka, kapena onani m'mphepete mwakumbuyo mwa thabwa lapamwamba, muone kuchindikalako. Mukapeza pulayiwudi, chipboard kapena MDF pansi pake, kabatiyo kapena chigawo chimenecho ndi cha m'ma 1900.

Tulutsani madirowa onse

Apa ndi pamene muyenera kutherapo nthawi. Pemphani chilolezo, tulutsani dirowa iliyonse yonse, itembenuzeni.

Yambani ndi pakona, pamene thabwa lam'mbali limalumana ndi lakutsogolo ndi mano olowana otchedwa dovetail. Odulidwa ndi manja amakhala ochepa, atatu mpaka asanu pa dirowa wamba, osalingana ndendende, ndipo ena ndi owonda kwambiri kunsonga mwakuti mpata wake ndi wongokwana sowo. Pamakhalanso kamzere kamene kalipentala analemba ndi mpeni kuti adziwe polekezera. Odulidwa ndi makina ndi ambiri, ofanana kukula, otalikirana mofanana, ndipo anafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pa kabati ya ku America mukhoza kupeza mano ozungulira okhala ndi kamsomali kamtengo pakati, otchedwa Knapp joint, amene anagwiritsidwa ntchito cha m'ma 1870 mpaka 1900. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mano a makina amatsimikiza kuti dirowa si ya 1790, koma mano a manja paokha satsimikiza ukale, chifukwa mashopu abwino ku Britain anapitiriza kudula ndi manja mpaka m'ma 1900. Yerekezani madirowa onse. Ngati imodzi ili ndi mano osiyana ndi anzake, inapangidwa ndi munthu wina, nthawi ina.

Kenako thabwa la pansi pa dirowa. Yendetsani chikhatho mopingasa. Lopalidwa ndi puleni ya manja limamveka timigula tosaya. Onani zipsera za sowo ndi tochi yopendekera: mizere yoongoka, yosalingana, ndi ya sowo ya manja, pamene mizere yokhota ndi ya sowo yozungulira ya makina, imene siinali yofala pa mipando chisanafike chapakati pa zaka za m'ma 1800. Thabwa limafota m'lifupi, osati m'litali, choncho pa dirowa ya zaka 200 thabwa la pansi limakhala litang'aluka, kapena litachoka pang'ono m'kamsewu kake, kapena litaperewera kumbuyo ndi mamilimita angapo. Ambiri anamatapo kansalu pamng'alupo. Zimenezi si zilema zochotsera mtengo, ndi umboni wabwino.

M'munsi mwa matabwa am'mbali, amene dirowa imatsetserekapo, muyenera kukhala motha, ndipo kutha kwake kulingane ndi timisewu takumbika mkati mwa kabati. Dirowa yotha yokhala m'kabati yosatha, kapena kabati yokumbika yokhala ndi dirowa yosalala, sizinakalambire limodzi. Dirowa yotha kwambiri imagwa mphuno potseka ndipo imabenthula veneer ya m'munsi mwake. Kalipentala amakonza pomata kathabwa katsopano kunsi, ntchito yosavuta, koma ichitike musanayambe kugwiritsa ntchito kabatiyo tsiku ndi tsiku.

Tsopano onani kuseri kwa thabwa lakutsogolo. Mabowo otsekedwa kapena opanda ntchito akusonyeza kuti zogwirira zinasinthidwa. Izi n'zofala kwambiri: m'nthawi ya Victoria anthu ankachotsa zogwirira zamkuwa n'kuika zamtengo zozungulira, ndipo ogulitsa a pambuyo pake anabwezeretsa zamkuwa. Kabati imatsika mtengo pang'ono, basi. Koma bowo lililonse lamkati liyenera kukhala ndi chipsera chake kunja. Ngati mkati muli mabowo atatu koma kunja veneer ndi yosalala, veneer imeneyo inamatidwa pambuyo pake. Masikuluwu nawo amalankhula. Akale kwambiri alibe nsonga yakuthwa ndipo mzere wapamutu sukhala pakati penipeni. Ansonga anafala pambuyo pa 1846, ndipo amutu wa mtanda ndi a m'ma 1930 kupita mtsogolo. Musamasule sikuluwu pa katundu amene simunagule, ingoyang'anani mitu yake pa mahinjesi ndi maloko.

Pamwamba pa thabwa lakutsogolo la dirowa yapakati nthawi zina pamakhala chidindo cha wopanga. GILLOWS LANCASTER ndi dzina lokweza mtengo. Waring & Gillow ndi la kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kupita mtsogolo. Edwards & Roberts a ku London ankadinda ngakhale mipando yakale imene anangoikonza n'kuigulitsanso, choncho chidindo chawo sichinena kuti anaipanga ndi iwo. Loko yolembedwa VR ndi ya nthawi ya Victoria, ngakhale loko imatha kusinthidwa. Makabati ambiri abwino alibe chidindo chilichonse.

Dirowa yakuya ya mabotolo nthawi zambiri inkakutidwa mkati ndi mtovu. Ngati ulipobe, usiyeni, koma musaikemo chakudya, mbale kapena masipuni, ndipo musaupale.

Kumbuyo ndi kunsi

Kokani kabati kuichotsa kukhoma, muli awiri, mochita kunyamula. Kumbuyo kwa kabati yakale kumakhala matabwa a paini kapena oak osapakidwa kanthu, osalingana m'lifupi, odetsedwa ndi mpweya ndi fumbi la zaka zambiri. Kuda kumeneku kumakhala kouma ndiponso kosiyana malo ndi malo. Utoto wopakidwa dala umasiya mizere ya burashi ndi madontho otsika. Thabwa limodzi lowala pakati pa anzake akuda ndi latsopano. Misomali yakale imakhala ya makona anayi ndipo imasiya banga lakuda la dzimbiri pathabwa. Yozungulira ya waya inafala cha m'ma 1890.

Gonani pansi ndi tochi. Mukufuna kudziwa ngati kabati ili mmene inabadwira. Zinthu zitatu zinkachitika kawirikawiri. Choyamba ndi kuchepetsa. Nyumba zitayamba kuchepa, ogulitsa ankadula makabati akuluakulu chakumbuyo kuti asadye malo. Umboni wake ndi mano akumbuyo kwa madirowa osiyana ndi akutsogolo, mphepete yakumbuyo ya thabwa lapamwamba yowala kapena yopakidwa utoto, ndi timisewu ta madirowa tokumbika mpaka kumapeto ngati tikupitirira. Chachiwiri ndi kulumikiza zigawo za makabati awiri, thabwa lapamwamba la ina pa thupi la ina. Onani kunsi kwa thabwalo ngati pali mabowo a masikuluwu opanda mnzake, kapena mthunzi wa thupi lina losiyana kukula. Chachitatu ndi kukongoletsa. Kabati yosalala ya 1790 inkatha kuikidwa timizere ndi timaluwa ta mtengo wowala cha m'ma 1900 kuti igulike. Zokongoletsa zoikidwa pambuyo nthawi zambiri zimachuluka mopitirira ndipo zimaoneka zatsopano kuposa thabwa lozungulira.

Miyendo yang'aneni umodziumodzi. Pa kabati ya miyendo 6, mwendo umakhala thabwa limodzi lokwera mpaka pansi pa thabwa lapamwamba. Mzere wopendekera wodutsa mwendo ndi pamene unathyoka n'kulumikizidwa. Kulumikiza kwabwino kumalimba, koma mwendo wongobayidwa ndi kamtengo pansi pa thupi sudzapirira katundu wa mbale. Kanikizani kabati pakona pang'onopang'ono. Ikagwedezeka, mfundo zamasuka. Ngati zinamatidwa ndi guluu wakale wa zikopa, amene amaoneka wofiirira ndi wonyezimira m'makona, kalipentala amamusungunula ndi madzi otentha n'kumatanso. Ngati wina anathiramo epoxy kapena kukhomamo misomali, ntchito yake ndi yaikulu ndipo mtengo utsike.

Chakumbuyo kwa thabwa lapamwamba mukhoza kuona timabowo totsekedwa. Pamenepo panali chitsulo chamkuwa chopachikapo kansalu koteteza khoma. Kusowa kwake si nkhani yaikulu.

Zilema zokonzeka ndi zosakonzeka

Gogodani veneer ndi chikhadabo malo osiyanasiyana. Pomatika pamamveka polimba, pomatuka pamamveka mphako. Chithuza chimodzi kapena ziwiri zimakonzeka mosavuta. Chitseko chonse chong'aluka chifukwa thabwa lamkati lafota ndi ntchito yodula, ndipo mng'aluwo umakonda kubwerera. Thabwa lapamwamba lopindika, limene mumaliona poika tepi kapena rula mopingasa, silibwerera mwakale.

Timabowo tozungulira ta milimita 1 mpaka 2 ndi ta tizilombo todya matabwa. Tizilomboti sitikonda mahogany enieni, timadya paini ndi beech zamkati, choncho yang'anani kumbuyo, kunsi ndi m'timatabwa tolimbitsa makona. Mabowo akale ndi akuda mkati. Atsopano ndi owala, akuthwa m'mphepete, ndipo amatulutsa ufa wonga umene nankafumbwe amasiya m'thumba la chimanga. Ikani pepala lakuda lija pansi, gogodani thabwa, muone chogwa. Ufa wakale nawo umatha kugwa, choncho mukagula siyani pepalalo pansi pake milungu ingapo osagwedeza kabati. Timilu tatsopano tikaoneka, tizilombo tili moyo, ndipo mabowo abayidwe ndi mankhwala a permethrin kabati isanayandikire mipando ina. Kanikizani ndi chala pamene mabowo achuluka: pakabonyoka, thabwalo latha mphamvu. Palinso ichi. Tizilomboti timayenda mkati mwa thabwa n'kutulukira pa bowo lozungulira. Mukaona tinjira tawo titaonekera m'litali pamwamba pa thabwa, ndiye kuti thabwalo linachekedwa kapena kupalidwa litafumbwa kale. Limenelo ndi thabwa lakale lotengedwa kwina.

Kabati imene yakhalitsa kumadera otentha ionedwenso ngati chiswe chinalowa. Fufuzani tinjira tadothi kumbuyo ndi kunsi kwa timakabati tofika pansi, ndipo gogodani matabwa ake.

Zipsera zozungulira zoyera ndi chinyezi chokodwa m'polishi, ndipo zimachoka. Zakuda zalowa m'thabwa ndipo zimafuna katswiri. Mbali imodzi yotuwa ndi dzuwa la pawindo. Ambiri amaukonda mtundu umenewu, ndipo kuubweza kumafuna kuchotsa polishi yense. Nunkhizani mkati. Fungo la nkhungu limachoka posiya zitseko zotsegula pamalo odutsa mphepo, koma fungo la utoto kapena vanishi watsopano pa kabati ya zaka 200 likufuna mafunso.

Polishi weniweni wa makabati ambiri a m'ma 1820 kupita mtsogolo ndi shellac. Wogulitsa akalola, nyowetsani kansonga ka nsalu ndi sipiriti, khudzani pamalo obisika kuseri kwa mwendo. Shellac amayamba kumata. Polyurethane sasintha, ndipo amaoneka ngati pulasitiki yokuta thabwa. Kabati yopalidwa ndi sandipepa n'kupakidwa polyurethane yataya khungu lake lakale, lomwe ndi gawo lalikulu la mtengo wake, ndipo ngati veneer inapalidwa mpaka kupyapyala palibenso chochita. Ikhoza kutumikira bwino m'nyumba ya ana aang'ono, koma ilipiridwe monga kabati wamba.

Mtengo ndi mapepala

Mipando yakale ya mahogany inatsika mtengo kwambiri ku Britain kuyerekeza ndi m'ma 1990, ndipo makabati akuluakulu a nthawi ya Victoria ndi amene anatsika koposa, chifukwa nyumba zamakono zilibe malo. Kawirikawiri ndalama yonyamulira ndi yokonzetsera imaposa yogulira. Funsani mitengo iwiriyi musanapereke ndalama.

Mawu a m'kabuku ka okushoni awerengeni mosamala. “George III mahogany sideboard” akutanthauza kuti inapangidwa mu ulamuliro wa mfumuyo, 1760 mpaka 1820. “George III style” ndi yongotengera. “And later” akutanthauza kuti zigawo zina n'zapambuyo, ndipo “associated” ndi zigawo zochokera ku makabati osiyana. Ngati simungathe kupita nokha, pemphani condition report, lipoti lofotokoza zilema za katunduyo, ndi zithunzi za kumbuyo, kunsi, makona a madirowa ndi miyendo yonse. Pamwamba pa mtengo umene nyundo yagwera pamabwera ndalama ya okushoni, nthawi zambiri 20 mpaka 30 peresenti, ndi VAT pa ndalama imeneyo. Mwachitsanzo, mukapambana pa £400 ndipo okushoni imatenga 25 peresenti, muwonjezera £100 ndi VAT ya £20, zonse £520, musananyamule.

Kwa wogulitsa wa m'sitolo, funsani funso ili mwachindunji: ndi chiyani chinakonzedwa kapena kusinthidwa? Yankho lake lilembedwe pa lisiti pamodzi ndi mtundu wa mtengo ndi zaka zimene akuti inapangidwa. Ku Britain mamembala a BADA ndi LAPADA, mabungwe a ogulitsa zinthu zakale, amayenera kufotokoza katundu wawo moona. Lisiti lotchula zaka limathandizanso pa kasitomu, pamene katundu woposa zaka 100 amalowa m'gulu lakelake.

Wotumiza kabati kunja kwa dziko ayang'ane timbale tozungulira bowo la kiyi ndi timizere toyera tokongoletsa. Tina ndi ta minyanga ya njovu. Fupa limakhala ndi timadontho takuda, mnyanga umakhala ndi timizere topingasana tosaoneka msanga. Ku Britain lamulo la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu June 2022, limaletsa kugulitsa katundu wokhala ndi mnyanga pokhapokha atalembetsedwa, ndipo mipando imaloledwa ngati inapangidwa isanafike 1947 ndipo mnyangawo sufika 10 peresenti ya chinthu chonse. Kuwoloka nawo malire kumafunanso chilolezo cha CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yoti n'kutha. Mahogany eniake ali pa mndandanda wa CITES, koma malamulo ake amakhudza zipika, matabwa ocheka ndi veneer yosamata, osati kabati yopangidwa kale. Matabwa a rosewood, amene ankamatidwa m'mphepete mwa makabati ena a Regency, ali ndi malamulo okhwimirapo, choncho muuzeni wotumiza katundu ngati alipo.

Kunyamula ndi kuika m'nyumba

Tulutsani madirowa ndi mashelefu, lembani manambala kunsi kwake ndi choko, chifukwa dirowa yopangidwa ndi manja imalowa bwino m'malo ake okha. Mangani zitseko ndi lamba wansalu. Selotepi imachotsa polishi, ndipo pulasitiki yokhudza shellac m'galimoto yotentha imasiya zipsera, choncho bulangeti liyambe, zina pamwamba. Nyamulani pogwira kunsi kwa thupi, osati m'mphepete mwa thabwa lapamwamba, limene limangogwidwa ndi masikuluwu ochepa ndi timatabwa ta guluu. Osaikoka pansi ngakhale pang'ono: miyendo yowonda ija imathyokera pamenepo. M'lole, ya miyendo igone chagada pa mabulangeti kuti miyendo isasenze katundu pa mabampu.

M'nyumba, iikeni kutali ndi dzuwa la pawindo, mbaula ndi radiator, ndipo siyani mpata wa masentimita 5 kukhoma. Matabwa akale amakhala bwino pa chinyezi cha 40 mpaka 60 peresenti. Kabati yochokera ku England ikafika ku Lilongwe mu October, kapena ku Johannesburg m'nyengo yozizira, imauma mofulumira ndipo veneer imatha kung'aluka m'milungu yoyamba. Iikeni m'chipinda chozizirirapo, chotseka makatani, ndipo musaikonzetse ming'alu mpaka itadutsa dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi, chifukwa ina imatsekeka yokha mvula ikayamba. Pa simenti yokolopedwa tsiku lililonse, ikani timphira kapena timatabwa pansi pa miyendo kuti isamwe madzi. Pansi pakakhala posalingana, tsekerani mwendo wolendewera ndi kathabwa, apo ayi thupi limapotoka ndipo zitseko zimayamba kukana.

Mbale zolemera zikhale m'timakabati tam'mbali, osati m'dirowa yapakati. Poto kapena mbale yotentha isakhudze thabwa, ikani kamphasa kochindikala. Mowa ndi mafuta onunkhira zimasungunula shellac nthawi yomweyo, choncho mabotolo akhale pa tileyi. Fumbi lichotsedwe ndi nsalu youma, mosamala pamene veneer yatukuka kuti nsalu isakole. Kamodzi kapena kawiri pachaka pakani phula la njuchi lopangidwira mipando, pang'ono kwambiri, dikirani mphindi 20, pukutani motsata mizere ya thabwa. Polishi wopopera wokhala ndi silicone ndi mafuta ophikira asafikepo. Madirowa akayamba kulimba nthawi ya mvula, pakani kandulo kunsi kwa matabwa am'mbali, musawapale.